Dispatcha amalonjeza kasitomala nthawi yosatheka, mlandu n'kugwera ine

Funso: Ndimayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali. Vuto langa ndi dispatcha wathu, amene amatikonzera maulendo ku ofesi. Amauza kasitomala nthawi imene katundu afike asanandifunse ine, kenako foni sipuma, akufuna kudziwa kuti ndafika pati. Ndikachedwa mlandu umakhala wanga, ngakhale tsiku limene ndakhala maola ambiri pamzere kudikira kupakiridwa. Mwezi ukatha amandidulanso ndalama, akuti ndawononga dizilo. Anzanga akuti ndizingovomera chilichonse chifukwa wokana amapatsidwa maulendo oipa. Ndichite bwanji?

Yankho: Bambo, pa zonse mwatchulazi, chimene chikubala zinazo ndi chakuti nthawi yofikira ikulonjezedwa inu musananene zimene mukuzidziwa inu nokha. Maola amene mwagwira kale ntchito, tulo timene mwagona, mmene thiraki ikukokera ikalemedwa, kutalika kwa mzere pachipata cha fakitale, zonsezi mukuziona ndinu, koma lonjezo likuperekedwa ndi munthu amene sakuziona. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi kulowetsa zimene mukudziwazo m'dongosolo la ulendo thiraki isananyamuke, ndipo muzilowetse ndi manambala, molemba. Mkangano wa pafoni muli pakati pa ulendo, katundu atamangidwa kale, suthandiza aliyense wa inu awiri.

Muyambe mwaona mpando umene mnzanuyo wakhalapo. Dispatcha amakokedwa mbali zonse. Kasitomala sakufuna kumva za kuchedwa, mwini kampani akuwerenga makilomita amene thiraki yayenda yopanda katundu, a ku garaja akufuna galimoto ibwere ku sevisi, ndipo madalaivala ena akuimba nthawi yomweyo. Pakompyuta pake inu ndinu kadontho koyenda pamapu. Kadonthoko kakaima maola atatu sikamuuza ngati makina opakirira katundu (forklift) awonongeka, ngati mapepala sanatuluke, kapena ngati mwangogona. Foni zambiri zimene zikukutopetsani zimabwera chifukwa kasitomala wangomuimbira iye ndipo alibe choyankha. Sitikumuikira kumbuyo ayi. Kulonjeza nthawi asanafunse dalaivala ndi kulakwitsa, ndipo dispatcha wodziwa ntchito sachita zimenezo. Koma mukadziwa chimene chikumufinya, mudziwanso chimene mungamupatse kuti akumvereni, chomwe ndi mawu odalirika oti akauze kasitomala nthawi ikadalipo.

Tiyeni pa nkhani ya nthawi, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona vuto lanu. Madispatcha ambiri, makamaka amene sanagwirepo chiwongolero cha thiraki, amatenga nthawi ya ulendo pa mapu a pafoni. Mapu amenewo amawerengera galimoto yaing'ono. Thiraki yolemedwa, ngakhale itamayenda makilomita 80 pa ola pamsewu wowongoka, imataya liwiro pazitunda, m'matauni, pa sikelo ndi pothira mafuta, moti powerengera ulendo wonse ndi bwino kuika makilomita 60 mpaka 65 pa ola ngati msewu ndi wabwino, ndi ochepera pamenepo ngati ndi wa mapiri kapena wokumbika. Ulendo wa makilomita 780 mapu angauonetse ngati wa maola 9. Pa 65 pa ola ndi maola 12 oyendetsa enieni, osawerengera kupuma.

Pamwamba pa zimenezo pali malire a maola. Mayiko amasiyana, koma malamulo awiri odziwika kwambiri akusonyezani muyezo umene anthu a ntchitoyi amagwiritsa ntchito. Ku European Union, lamulo la 561/2006 limalola maola 9 oyendetsa pa tsiku, ndipo kawiri pa sabata angafike 10. Mukayendetsa maola anayi ndi theka muyenera kupuma mphindi 45. Pa sabata simupitirira maola 56, pa masabata awiri otsatizana simupitirira 90, ndipo kupuma kwa tsiku ndi maola 11, kumene kungachepetsedwe kufika pa 9 katatu kokha pakati pa kupuma kwa sabata ndi kunzake. Ku United States malire ndi maola 11 oyendetsa mkati mwa maola 14 kuchokera pamene mwayamba ntchito, mutapuma kaye maola 10 otsatizana, ndipo mukayendetsa maola 8 muyenera kusiya chiwongolero kwa mphindi 30. Inu mufufuze lamulo la dziko limene mukuyendamo ndi la kampani yanu, chifukwa ndilo lidzakuweruzani. Kumene lamulo silinena kanthu, manambalawa ndi abwinobe kuwerengera nawo, pakuti thupi la dalaivala ndi lomwelo kulikonse.

Tiwerengere ndi malire a ku United States, popeza ndi osavuta kutsatira. Mwafika pamalo opakirira 6 koloko m'mawa. Amaliza kupakira 2 koloko masana. Kasitomala wauzidwa kuti katundu afika 7 koloko m'mawa mawa lake, pamtunda wa makilomita 780 uja. Maola 14 aja anayamba kuwerengedwa 6 koloko m'mawa, ndipo saima chifukwa choti munali pamzere, ndiye athera 8 koloko usiku. Mwatsala ndi maola 6 oyenda, omwe ndi makilomita 390, theka lenileni la njira. Mukapuma maola 10 munyamuka 6 koloko m'mawa ndi kufika 12 koloko masana. Kuti mufike 7 koloko isanakwane, njira ndi imodzi yokha, kuyenda usiku osapuma maola 10 aja. Ngati munadzuka 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko usiku mudzakhala mutakhala maso maola 17, mutatsala ndi maola anayi oyenda. Ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasonyeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Maola anayi otsalawo agweranso pakati pa usiku, nthawi imene thupi limafuna tulo mwamphamvu. Ichi ndicho dispatcha akukupemphani akamati "yesetsani", kaya iye akudziwa kapena ayi.

Tsono kukana kwake kumatheka bwanji? Mawu akuti "sindingathe" paokha amamveka ngati ulesi kapena mwano, ndipo amamusiya dispatcha alibe chokauza kasitomala. Kukana kumene kumagwira ntchito kumakhala ndi nambala, nthawi imene mungakwanitse, ndi njira ina. Mulembe motere: "Bwana, ndinayamba ntchito 6 koloko m'mawa, amaliza kupakira 2 koloko masana. Ndiyenda mpaka 8 koloko usiku, ndikagona chapakati pa njira. Kwa kasitomala ndikafika 12 koloko masana mawa, 7 koloko sizitheka. Muwauze lero asinthe nthawi. Ngati katunduyu sangadikire, pezani dalaivala wopuma kale tikasinthane ngolo panjira." Onani kuti mulibe mawu okwiya, mulibe za maulendo akale, ndipo mwamupatsa zosankha ziwiri.

Nthawi yotumiza uthengawo ndi yofunika kuposa mawu ake. Musadikire 2 koloko masana. Pofika 10 koloko m'mawa, mukaona kuti simunaitanidwebe kukapakira, muuzeni kuti ola lililonse lodikira likuchotsedwa pa maola oyenda lero. Uthenga woipa ukafika masana, dispatcha angathe kusintha nthawi yotsitsira, kupeza thiraki ina kapena kukankha eni malo opakirira. Ukafika 6 koloko m'mawa tsiku lotsitsa, anthu otsitsa katundu atasonkhana kale, palibenso chimene angachite koma kufuna woti amuloze chala. Madalaivala ambiri amabisa kuchedwa poganiza kuti akabweza nthawi panjira. Sibwezeka. Kukwera kuchoka pa 80 kufika pa 90 pa ola kwa maola asanu athunthu kumakupezerani mphindi zongopitirira pang'ono theka la ola, ndipo mwalipira ndi dizilo, matayala ndi mtunda wautali woimira mukaponda buleki.

Nthawi imene mwanena muisunge. Apa ndi pamene madalaivala ena amadzipweteka okha. Wanena 12 koloko, wafika 3 koloko chifukwa anaima panjira kuchita zake, ndiye ulendo wotsatira dispatcha amadula maola awiri pa chilichonse chimene dalaivalayo anena. Ikani malo a zosayembekezeka m'nambala yanu musanaitchule, theka la ola kapena ola lathunthu pa ulendo wa tsiku, kenako mufike pa nthawiyo. Pakapita maulendo angapo, dispatcha amayamba kukufunsani asanayankhe kasitomala, chifukwa nambala yanu siimuchititsa manyazi.

Musananyamuke pali zofunsa, ndipo paja safunsa anadya phula. Adiresi yeniyeni yotsitsira ndi chipata cholowera mathiraki, pakuti adiresi ya pa invoice kawirikawiri imakhala ya ofesi, osati ya nyumba yosungiramo katundu. Nambala ya oda imene alonda a pachipata adzafune. Nthawi imene malowo amatseka, komanso ngati nthawi yotsitsira ndi yoikika kapena amangolandira wofika. Kulemera kwa katundu ndi kuchuluka kwa mapaleti. Otsitsa ndani, ndipo ngati amalipiritsa, ndalamayo ichokera kuti. Ngati ulendo ndi wodutsa malire a dziko, mufunse ngati ejenti wa kasitomu walandira kale mapepala, chifukwa thiraki yofika pachipata mapepala asanalowetsedwe imangokhala, masiku n'kumapita. Zonsezi zibwere molemba. Dispatcha akakuuzani pafoni, mukadula mulembe uthenga wobwereza zimene mwamva, ndipo mumupemphe avomere. Katundu wa mufiriji amafuna izi koposa. Katundu wouma ndi chisanu amasungidwa pa -18°C kapena kutsika pamenepo, ndipo kachizindikiro ka minus kaja kamasowa mosavuta polankhula pafoni. Muyezenso kuzizira kwa katundu weniweniyo akamapakira, chifukwa makina a pa ngolo anapangidwa kuti asunge kuzizira kumene katundu walowa nako, osati kuziziritsa katundu wofunda.

Kulemera ndi nkhani ina imene dispatcha amaona theka lake lokha. Iye amaona matani onse pamodzi pa pepala, n'kuona kuti ali pansi pa malire, omwe ndi mapaundi 80,000 (pafupifupi matani 36) m'misewu ikuluikulu ya ku United States, matani 40 pa thiraki ya ma axle (zitsulo zogwira matayala) asanu yodutsa malire m'mayiko a European Union, ndi matani 56 m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Africa. Koma pa sikelo amayezanso axle iliyonse kapena gulu la ma axle. Katundu angakhale wololeka yense pamodzi, koma mapaleti olemera ataunjikidwa kutsogolo, ma axle okoka n'kupitirira malire. Dizilo nayenso amalemera, pafupifupi makilogalamu 0.84 pa lita, moti malita 800 ndi makilogalamu pafupifupi 670 amene dispatcha mwina sanawawerengere. Muimirire pamene akupakira, mufunse kulemera kwa paleti iliyonse, ndipo ngati pali sikelo pafupi muyeze musanapite kutali. Ngolo ikatsekedwa ndi seal, kaloko ka nambala kosonyeza kuti zitseko sizinatsegulidwe panjira, kusuntha katundu kumafuna chilolezo cha mwini wake, ndipo chilolezocho chimatenga maola mukachipempha muli kale pa sikelo ya boma.

Posainira katundu musafulumire, ngakhale foni ikulira. Pangano la CMR la mu 1956, limene limayendetsa katundu wodutsa malire pamsewu ku Europe ndi mayiko ena oyandikana nawo, limati wonyamula aone kuchuluka kwa katundu ndi maonekedwe ake polandira, ndipo ngati sanathe kuona, alembe zimenezo pa chikalata cha katundu pamodzi ndi chifukwa chake. Akapanda kulemba kanthu, zimatengedwa kuti analandira zonse zili bwino. Nzeru imeneyi ndi yothandiza ngakhale kumene panganolo siligwira ntchito. Ngati sanakuloleni kulowa powerenga, lembani kuti anapakira ndi kuwerenga ndi eni katundu. Ngati makatoni ena ndi onyowa kapena ophwanyika, lembani, jambulani, mutumize kwa dispatcha musanatseke zitseko. Nambala ya seal ifanane ndi imene ili papepala.

Za maola odikira pamzere, mwanena kuti mlandu umagwera inu. Umagwera inu chifukwa palibe umboni wina. Lembani nthawi zinayi pa ulendo uliwonse: pamene mwafika pachipata, pamene mwaitanidwa kukapakira, pamene amaliza, ndi pamene mwatuluka ndi mapepala. Ngati n'kotheka, mlonda kapena kalaliki wa pamalopo asainire nthawi yofika ndi yotuluka pa chikalata cha katundu. Akakana, jambulani chipata ndi foni, chithunzicho chimasunga nthawi. Mapangano ambiri a zonyamula katundu amapereka nthawi yaulere yopakira, kawirikawiri maola awiri, ndipo ikapitirira kampani imalipiritsa kasitomala, koma pamafunika umboni, ndipo mapangano ena amafuna kuti kasitomala adziwitsidwe nthawi yaulereyo isanathe. Mukamupatsa dispatcha nthawi zimenezi zisainidwe, mwamupatsa chida chopezera kampani ndalama ndi chodzitetezera kwa bwana wake. Pamenepo inu ndi iye muli mbali imodzi, ndipo wochedwetsa weniweni waonekera. Mufunsenso ngati pa ndalama yodikirayo pali gawo la dalaivala, makamaka ngati mumalipidwa pa kilomita kapena pa ulendo, chifukwa pa malipiro otere ola lililonse la pamzere mumaligwira ulere.

Foni zosatha zija zimachepa mukamamutsogolera. Gwirizanani nthawi zoikika zimene inu muzitumiza uthenga: mukafika popakirira, mukanyamuka, mukaima kuti mugone, mukadzuka, kutatsala ola kuti mufike, ndi mukatsitsa. Kupatula pamenepo, chilichonse chokuchedwetsani kupitirira theka la ola mumuuze nthawi yomweyo mutaima pamalo abwino. Uthenga uliwonse unene pamene muli, chimene chachitika, nthawi yatsopano yofikira, ndi chimene mukufuna kwa iye. Ndiyeno mumuuze mwaulemu kuti thiraki ikamayenda simuyankha. Pa makilomita 80 pa ola mumayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, moti kuwerenga uthenga kwa masekondi asanu ndi mamita 110 oyenda osayang'ana msewu. Kafukufuku wa Virginia Tech Transportation Institute wa mu 2009 anapeza kuti madalaivala a mathiraki amene amalemba uthenga akuyendetsa anali pa chiopsezo chochuluka ka 23 chochita ngozi kapena kutsala pang'ono kuichita. Dispatcha amene ali ndi tracker yomuonetsa pakompyuta pamene thiraki ili ndipo walandira uthenga wanu maola awiri apitawo alibe chifukwa choimbira.

Za dizilo tinene mwachidule. Funsani muyezo umene akukuyezerani, malita angati pa makilomita 100, ndipo ngati muyezowo umasintha malinga ndi njira ndi kulemera kwa katundu. Muyezo umodzi wa thiraki yopanda kanthu pachigwa ndi yodzaza m'mapiri ndi wopanda chilungamo, ndipo mungathe kusonyeza zimenezo ndi kabuku kanu. Pothira paliponse lembani makilomita a pa odomita, malita, matani amene mwanyamula ndi njira, ndipo muzidzaza thanki kufika pamlingo womwewo kuti mawerengedwe agwirizane. Kumbukiraninso kuti injini yaikulu yongolira thiraki itaima imadya malita awiri kapena atatu pa ola, choncho usiku wa maola 10 injini ikulira ndi malita 20 mpaka 30 opanda kilomita ndi imodzi yomwe. Matayala osakwana mpweya ndi mabuleki ogwira pang'ono amawonjezeranso. Ngati zowonongekazo munazilemba kale ku garaja ndipo sizinakonzedwe, pepala limenelo ndilo yankho lanu pa kudulidwa kwa ndalama. Za ngati kampani ili ndi ufulu wodula malipiro, muone pangano lanu la ntchito ndi lamulo la ntchito la dziko lanu.

Pa zowonongeka za galimoto, dispatcha nthawi zambiri amati "ingopitani, mukakonzetsa pobwera". Nthawi zina amakhala akunena zoona. Wailesi, makina oziziritsa m'kabini kapena kudindika kwa bodi sizoimitsa ulendo, ndipo dalaivala amene amati chilichonse ndi chadzidzidzi amafika poti ngakhale anene za mabuleki samvedwanso. Koma mabuleki, chiwongolero, tayala loonetsa waya kapena lotupa m'mbali, mpweya wotuluka, magetsi pa ulendo wa usiku, ndi polumikizira mutu ndi ngolo, zimenezi sizikambirana. Munene ndi nambala ngati mungathe. Mwachitsanzo, pa thiraki yokoka ngolo, matanki a mpweya atadzaza, injini itazimitsidwa, mabuleki oimikira atamasulidwa ndipo inu mutaponda buleki, muyezo umene amaphunzitsa madalaivala ku United States ndi wakuti mpweya usatsike kupitirira 4 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) pa mphindi imodzi, kugwa koyamba kwa mpweya kumene kumachitika mukangoponda buleki kutatha. Kulemba kuti "mpweya ukutsika 10 psi pa mphindi" kumamveka kwa makaniko ndi kwa dispatcha kuposa "mabuleki sakundisangalatsa".

Tsopano malangizo a anzanu aja. Mbali ina akunena zoona, alipo madispatcha amene amalanga wokana pomupatsa maulendo aafupi, odikira kwambiri kapena opanda katundu wobwerera. Koma taonani chimene chimachitikira wovomera zonse. Dispatcha akakhala ndi katundu wa nthawi yosatheka, amaimbira amene akudziwa kuti sakana, ndiye maulendo oopsa onse amathera kwa munthu yemweyo, mpaka tsiku limene adzagwidwe kapena kugona pachiwongolero. Tsiku limenelo laisensi ndi yake, siginecha ya pa logbook, buku lolembamo maola a ntchito, ndi yake, ndipo mawu a pafoni akuti "yesetsani" palibe amene adzawakumbukire. Chimene timalangiza ndi kusiyanitsa ulendo wosasangalatsa ndi ulendo woswa lamulo kapena woika moyo pachiswe. Wosasangalatsa, wa kasitomala wovuta kapena wa Loweruka, muzivomera nthawi zina, ndipo munene poyera kuti mwathandiza pamenepa, nanunso mudzafuna kuthandizidwa. Wina uja mukane nthawi zonse, mofanana, mopanda kukweza mawu. Dalaivala amene kukana kwake n'kosowa komanso kodziwikiratu savuta kumukonzera maulendo.

Kupereka kangachepe kwa dispatcha kuti azikupatsani maulendo abwino tikuti musayambe. Mtengo wake umakwera, anzanu amadziwa, ndipo tsiku limene mukufuna kukana katundu woopsa mudzapeza kuti mulibenso pakamwa.

Masiku ofuna kukhala kunyumba muwatchule molemba masabata awiri zisanachitike, ndi deti lenileni, ndipo mukumbutse ulendo womaliza usanaperekedwe. Dispatcha amakonza maulendo mobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene mukufunika kunyumba, ndiye akamva mochedwa thiraki imakhala ili kale mbali ina. Ngati ofesi yanu ili ndi dispatcha wa masana ndi wina wa usiku, musaganize kuti lonjezo la mmodzi lafika kwa mnzake. Zambiri zimatayika posinthana, ndipo uthenga wolembedwa ndiwo mungatumizire wa usikuyo m'malo mofotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

Malamulo a mayiko ena anazindikira kale kuti dalaivala sathamanga yekha, pamakhala womuthamangitsa. Gawo 10 la lamulo la 561/2006 lija limaletsa kampani kulipira dalaivala molingana ndi mtunda kapena kuchuluka kwa katundu ngati malipirowo angaike chitetezo cha pamsewu pachiswe, ndipo limati eni katundu ndi makampani otumiza katundu aonetsetse kuti nthawi zimene agwirizana zikulemekeza malire a maola. Ku Australia, lamulo la magalimoto olemera limaika udindo pa aliyense wokhudzidwa ndi ulendo, ndipo wokonza ndandanda ya maulendo amatchulidwa mwachindunji. Ku United States, kuyambira mu January 2016, bungwe la boma loona za chitetezo cha mathiraki la FMCSA limaletsa makampani, eni katundu ndi olandira katundu kukakamiza dalaivala kuswa malamulo pomuopseza ndi ntchito, ndipo dalaivala ali ndi masiku 90 okadandaula. Kumeneko dandaulo limalimba ngati dalaivala anauza womutumayo kuti ulendowo uswa lamulo, iye n'kumuopsezabe. N'chifukwa chake tikubwereza za kulemba.

Zonsezi mukazichita kwa mwezi umodzi kapena iwiri, pemphani kukumana ndi dispatcha maso ndi maso, tsiku limene mulibe katundu pamsewu ndipo iye sali pakati pa mafoni. Mutenge maulendo atatu amene munachedwa, ndi nthawi zake zolembedwa. Musayambe ndi mawu akuti "inu nthawi zonse". Muonetseni pamene maola anatayikira pa ulendo uliwonse, ndipo mupemphe chinthu chimodzi chokha, kuti asanavomere nthawi kwa kasitomala azikutumizirani uthenga wofunsa maola amene mwatsala nawo. Mumufunsenso chimene iye akufuna kwa inu, pakuti mwina pali mapepala otsitsira amene mumachedwa kutumiza, ndipo kampani singalipiritse kasitomala popanda mapepalawo.

Zikapanda kusintha, nkhaniyo ipite kwa woyang'anira za maulendo kapena wa za chitetezo, ndi mapepala omwewo, ndipo dispatcha adziwe kuti mukupita kumeneko, asamvere kwa ena. Kupitirira apo pali bungwe la ogwira ntchito ngati muli membala, ndi ofesi ya boma yoona za ntchito. Mauthenga onse musunge pafoni yanuyanu kapena muwajambule, chifukwa foni ya kampani imabwezedwa tsiku losiya ntchito. Pa nthawi yonseyi pali zinthu ziwiri zimene musachite ngakhale mutapsa mtima chotani. Musasiye thiraki ya katundu panjira n'kuchokapo, pakuti pamenepo mlandu wonse umatembenukira kwa inu ndipo mbiriyo imakutsatirani ku kampani ina. Ndipo musasinthe zolembedwa mu logbook, kuchotsa khadi mu tachograph (makina olemba maola oyendetsa ndi liwiro) kapena kugwiritsa ntchito khadi la dalaivala wina kuti maola aoneke okwanira. Ngati wina ku ofesi wakuuzani kuti muchite zimenezo, mupempheni alembe lamulolo pa uthenga ndi dzina lake, ndipo thiraki ikhale pomwe yaimapo mpaka maola anu opuma akwane.